Woonera Chabe

"Ndiye mukuti m'shopu yanga yomwe, ine ndine ndani?"

"Woonera," anatero Bambo a Mapasa, maso ali pa laputopu. "Si chitonzo ayi, amayi. Ndi udindo. Pulogalamuyi ili ndi maudindo ake. Pali mwini, pali wokonza, kenako woonera. Palinso mlendo, koma inu sindinakuikeni pa mlendo. Muzithokozako nthawi zina."

Mayi a Mapasa anachotsa phazi pa makina osokera. Anali atalumira mapini pakamwa, ndipo anawalavulira m'dzanja kuti mawu atuluke bwino.

"Woonerayo amachita chiyani?"

"Amaona."

"Basi?"

"Amaona zonse zimene zaikidwa m'chipinda chake. Koma sangalembe, sangafufute, sangasunthe kanthu. N'zokutetezani zimenezi. Chala chikhoza kudina polakwika."

"Chala chimene chimalowetsa ulusi pasingano popanda magalasi?"

Kuseri kwa mulu wa nsalu kunamveka kutsokomola. Anali Kansingano, mmodzi wa atsikana awiri amene ankasoka m'shopumo, woonda ngati dzina lake komanso wobaya pakamwa. Mnzake, Chetechete, anangopitiriza kupinda mpendero wa siketi ngati sakumva kanthu.

Shopuyo inali m'galaja ya nyumba yawo. Mayi a Mapasa anaiyamba ndi makina amodzi obwereka, ndipo tsopano munali makina atatu, tebulo lodulirapo ndi kalirole wamtali wong'aluka pakona. Ntchito ya Bambo a Mapasa ku ofesi itatha, anabwera kunyumba ndi laputopu, tayi ndi nthawi yambiri. Anayamba ndi kusanja mabatani potengera kukula kwake. Mabatani atatha anapeza pulogalamu yoti anthu ogwira ntchito limodzi aziikamo mauthenga, zithunzi ndi maoda, aliyense n'kumaona pa foni yake. Kuyambira pamenepo atsikana aja anawapatsa dzina loti Adimini, ndipo iwo analilandira ngati mendulo.

"Tayerekezani nyumba," anapitiriza Adimini, akujambula m'malere ndi chala. "Pamwamba pali chipinda chachikulu, Likulu. M'kati mwa Likulu muli Maoda. M'kati mwa Maoda muli Miyezo. M'kati mwa Miyezo muli Zosoka. Amene ali ndi kiyi wa pamwamba amalowa monsemo. Amene ali m'kati amaona zam'kati momwemo."

"Ine ndili kuti?"

"Mu Zosoka, pamodzi ndi atsikanawa."

"Pansi penipeni."

"Pamaziko, amayi. Nyumba imalimba ndi maziko."

"Nanga ku Likuluko kuli ndani?"

Adimini anakonza tayi yomwe sinali yopindika. "Kuli ine. Ndi Achemwali."

"Achemwali anu? Amene anabwera kuno ndi buluzi kuti ndiwasokere batani limodzi?"

"Ndinawaika pa wokonza, koma analira kuti ndawanyoza, ndiye ndawakweza. Tonse ndife eni. Chibale ndi fupa, amayi, sichiola. Ine nditagwa lero, kampaniyi iyenera kukhala m'manja mwa magazi anga."

"Kampani," anabwereza Mayi a Mapasa, akuyang'ana denga la galaja pomwe panali kudontha mvula ikagwa. "Chabwino. Koma kumbukirani kuti kandimverere adakanena za m'maluwa. Ine ndimafuna kumva ndi khutu langa zimene kasitomala akufuna."

"Zonse zizitsika. Mwadongosolo."

Akanatha kulimbana nazo mpaka madzulo, koma panali madiresi a ukwati odikira zipi. Komanso, kunena zoona, chiyambire kuchotsedwa ntchito aka kanali koyamba kuwaona amuna awo akudzuka m'mawa, kusamba ndi kuimba kamluzu. Anabwezera mapini pakamwa n'kuponda makina.

Poyamba zinkaoneka ngati zikuyenda. Zithunzi za masitayilo sizinkasowanso, ndipo kasitomala wokonda kukana mawu ake ankagwidwa ndi uthenga wake womwe. Vuto linali lakuti makasitomala anasiya kulowa m'galaja. Ankalandiridwa pabalaza ndi munthu wa tayi, ndipo Mayi a Mapasa ankangoona misana yawo pa zenera akamatuluka.

Kenako kunabwera oda yaikulu kuposa onse amene shopuyo inalandirapo: yunifolomu ya kwaya yonse ya kutchalitchi, madiresi a amayi ndi majekete a abambo, yoti akavale pa mpikisano. Nsalu anagula okha oimbawo atasonkherana, yabuluu wowala, ndipo Woimbitsa anaibweretsa yekha ataikumbatira ngati khanda. Anali mkulu wamfupi wokonda kulankhula akugwedeza dzanja ngati akuimbitsa ngakhale pogula mafuta. Adimini anamuika pa mlendo m'chipinda cha Maoda, ndipo mkazi wa Woimbitsayo anayeza oimba onse n'kutumiza miyezo yawo.

Achemwali ankaimba m'kwaya yomweyo. Atatsegula foni yawo n'kuona nambala imene inalembedwa pa chiuno chawo, anaona kuti tepi ya mkazi wa Woimbitsa inali ndi kaduka. Anadina, n'kuchotsako pang'ono. Palibe chimene chinawaletsa. Anachotsakonso pang'ono. Tsiku lotsatira anauza mnzawo wapamtima, ndipo sabata isanathe foni yawo inkalira ngati ya nduna. Amayi ankapempha kuti awachepetsereko m'chiuno, chifukwa aliyense anali atalumbira kuti aonda mpikisano usanafike. Abambo ankapempha kuti awawonjezereko m'mapewa ndi m'mikono. Pomaliza, Achemwali ataona mawu a Woimbitsa oti madiresi afike mu akakolo, anati kwaya si maliro, n'kulemba kuti alekeze m'mawondo.

Zimenezi ndi zomwe zinatsika mwadongosolo.

Mayi a Mapasa anayang'ana manambalawo pa foni nthawi yaitali. Anayesa kulemba funso pansi pake, foni inawauza kuti alibe chilolezo. Ananyamuka n'kupita pabalaza.

"Bambo a Mapasa, kwaya imeneyi ndimaiona sabata ndi sabata. Mulibe ziuno zoterezi. Izi ndi ziuno za ana a sukulu."

"Manambala sanama, amayi."

"Ndipatseni nambala ya Woimbitsa ndimufunse."

"Mukatero ndiye kuti dongosolo lafa. Makasitomala amalankhula ndi Likulu."

"Ndiye funsani ndinu."

"Ndikamufunsa aziti sitidziwa ntchito. Inu dulani monga mwalembedwera. Ukaipa dziwa nyimbo, ife nyimbo yathu ndi kusunga nthawi."

"Lumo likadya silisanza, mukudziwa?"

"Dulani."

Anabwerera m'galaja mtima ukuwira. Akanatha kutuluka pageti n'kukagogoda kwa Woimbitsa, sikunali kutali. Koma mkwiyo uli ndi nzeru zakezake. Anayala nsalu yabuluu ija patebulo, anajambula ndi choko, n'kudula ndendende monga munalembedwera.

Tsiku loyesa zovala kwaya yonse inadzaza pabwalo la nyumbayo. Amayi analowa m'galaja m'magulu akuseka, ndipo kuseka kuja kunkazima mmodzimmodzi. Kunayamba kumveka kubuula, kupuma mobanika ndi kulira kwa zipi. Mayi wina wa mawu okwera anatuluka manja ali m'mwamba, diresi itamumanga m'khwapa, osatsika osakwera, akupempha kuti wina amukoke. Wina inamulowa, koma analumbira kuti akangotsegula pakamwa kuti aimbe iphulika. Mkulu wa besi anaima pakati pa bwalo ndi jekete yomwe mikono yake inalendewera kupitirira zala, mapewa ake atagwera m'zigongono, ngati mwana wavala za bambo ake. Achemwali anakakamira m'kati ndi anthu awiri owakankhira zipi, mmodzi atawaponda ndi bondo kumsana.

Woimbitsa anayang'ana mawondo a oimba ake ali pamtunda, dzanja lake lija linaima m'malere.

"Nsalu imeneyi," anatero pang'onopang'ono, "muli amayi amasiye amene anasonkha. Ndikawauza chiyani?"

Onse anatembenukira kwa munthu wa tayi. Adimini anayang'ana Woimbitsa, anayang'ana Achemwali amene anali atangotuluka akupuma ngati athamanga, kenako anayang'ana akazi awo ataima pakhomo la galaja, tepi ili m'khosi.

"Pepani kwambiri, akuluakulu," anatero. "Zikuoneka kuti osoka athu alakwitsa podula. Ndiwalankhula."

"Alamu angawa maso ayamba kufooka," anawonjezera Achemwali mwachisoni. "Ndakhala ndikuwauza achimwene kuti awagulire magalasi."

Mayi a Mapasa anavula tepi m'khosi, anaikulunga bwinobwino, n'kuiika patebulo. Woimbitsa anati awapatsa mpaka mlungu wamawa kuti akonze, apo ayi nkhaniyi aifikitsa kutali.

M'mawa mwake Adimini anadzuka n'kupeza madzi osamba ali ozizira. Kukhitchini anapeza akazi awo atakhala pampando, atavala bwino, manja ali pamiyendo.

"Amayi, tiyi?"

"Ketulo ili apoyo. Ndikuiona."

"Mukudwala?"

"Ayi. Ndili pa udindo wanga."

Adimini anaseka pang'ono poganiza kuti ndi nthabwala ya m'mawa. Koma nthawi yotsegula shopu itakwana, Mayi a Mapasa ananyamula mpando womwewo, anakauika pakati pa galaja, n'kukhala moyang'ana mulu wa zovala zabuluu. Kansingano ndi Chetechete anayang'anana, anakoka mipando yawo, n'kukhala pambali pawo. Makina onse atatu anali zii.

"Kodi chikuchitika n'chiyani muno?"

"Tikuonera, bwana," anatero Kansingano. "Mwabwera bwino, sizinayambe."

"Amayi, tili ndi masiku ochepa."

"Ndikuona."

"Madiresi awa akufunika kuphwasula."

"Ndikuona ndithu. Koma woonera sangalembe, sangafufute, sangasunthe kanthu. N'zonditeteza. Chala chikhoza kudina polakwika."

Masana Adimini anateleka mpunga yekha, kenako foni inalira ndipo anauiwala. Utsi utadzaza nyumba anathamangira kukhitchini n'kupeza akazi awo ataima pambali pa poto, akumuyang'anitsitsa.

"Simukuona kuti ukupserera?"

"Ndinayamba kuona kalekale. Unayambira mbali iyi."

Zinapitirira choncho. Malaya a Adimini anayamba kutuluka osasita. Mbuzi ya aneba inalowa pageti n'kudya maluwa onse a pakhonde, Mayi a Mapasa akuipenyerera mpaka inakhuta. Mapasawo ataimba foni kuchokera kusukulu yogonera, amayi awo anacheza nawo mosangalala, koma atafunsa za kunyumba anangoti, "Funsani ku Likulu."

Koma sikuti kuonerako kunali kokoma. Mayi wina amene ankasoketsa kwa iwo chiyambire shopuyo anabwera kudzatenga nsalu yake yosasokedwa, akupepesa kuti wamva zoti maso awo akuvuta. Mayi a Mapasa anamupatsa nsaluyo akumwetulira, ndipo atachoka analowa kubafa n'kukhalako nthawi yaitali.

Tsiku lina Adimini, maso atafiira, anatsegula mbali ya pulogalamu imene imasonyeza amene anasintha chinthu. Sikuti sankadziwa. Ankangopewa kuyang'ana. Dzina la Achemwali linali pamzere uliwonse, kutsika ngati masitepe. Anawaimbira foni ali pabalaza, chitseko chili chotsegula.

"Achemwali, mwaswera bwanji? Ayi, ife tili bwino. Ndimati, miyezo ija, zikuoneka ngati munaigwirako pang'ono."

Mawu a Achemwali ankamveka mpaka m'galaja ngakhale foni inali pakhutu.

"Ndiye mwayamba kundifufuza? Ine amene ndinakuberekani kumsana? Ndinkathandiza anthu, achimwene. Telala weniweni amadziwa kusiya malo. Mkazi ameneyu wakudyetsani chiyani?"

"Sindikukunenani ayi. Ndimangoganiza kuti mwina ndikutsitseni pang'ono, mukhale woonera kwa kanthawi."

"Munditsitse?"

Foni inadulidwa. Adimini anapukuta thukuta n'kukhala pa laputopu kuti achite zomwe ananenazo. Anadina pa Likulu. Panatuluka mawu oti alibe chilolezo. Anadina pa Maoda, chimodzimodzi. Anazimitsa laputopu, anaiyatsanso, anaiuzira mpweya m'mabatani. Chipinda chimodzi chokha ndicho chinatseguka, ndipo pambali pa dzina lawo panali mawu aang'ono amene anawadziwa bwino.

Analowa m'galaja laputopu ili m'manja ngati mbale ya wopempha.

"Achemwali andichotsa."

"Akuchotsani kuti?"

"Ku Likulu. Anditsekera kunja. Andiika mu Zosoka."

"Pa udindo wanji?" anafunsa Kansingano mwaulemu kwambiri.

Chetechete ananyamuka, anakatenga kampando ka pulasitiki kuseri kwa chitseko, anakapukuta ndi chigamba, n'kukaika pamzere.

"Koma angatero bwanji? Pulogalamuyi ndinatsegula ndine," anadandaula Adimini.

"Shopuyi anatsegula ndani?" anatero Mayi a Mapasa. "Khalani pansi, bambo. Chaona mnzako chapita."

Achemwali anafika m'mawa wotsatira ndi chikwama chachikulu, n'kulengeza kuti popeza aliyense wafooka, kampani aiyendetsa okha. Anati kusoka si ufiti. Anakhala pa makina a Mayi a Mapasa, anatenga diresi yawo yomwe ija, n'kuponda mwamphamvu. Makina anathamanga ngati aona njoka. Singano inathyoka. Anaika ina chozondoka, inathyokanso. Yachitatu inagwira, ndipo inasoka bwino kwambiri, kulumikiza diresiyo ndi mkono wa buluzi imene anavala.

"Alamu, tandimasulani apa."

"Ndikuona, alamu."

"Achimwene, musangokhala, tengani lumo."

Adimini anayang'ana lumo, anayang'ana akazi awo. "Ine ndi woonera, Achemwali. Munandiika ndinu."

Ndi mmene Woimbitsa anawapezera: anthu anayi atakhala pamzere ngati ali pa basi, ndi mayi mmodzi atasokedwa ku diresi. Anaima pakhomo n'kuwayang'ana mmodzimmodzi. Kenako anayamba kutola zovala zabuluu zija n'kumaziponya m'thumba.

"Ndazitenga," anatero. "Ndikapeza telala wina, ngati alipo amene angaukitse akufa. Ndipo mayi, ndinkakulemekezani. Koma ndikauza matchalitchi onse kuti kuno asayerekeze. Munthu maso akafooka amavomera, osati kuwononga nsalu ya amasiye."

Mayi a Mapasa anayang'ana pansi. Manja awo anali pamiyendo, pomwe anakhala masiku onsewo. Adimini anawaona manjawo. Anali ndi zipsera za singano ndi chikanga cha lumo pachala chachikulu, ndipo ndi amene ankalipira sukulu ya mapasa chichokereni iwo ku ofesi. Anaimirira, kampando kaja n'kugwa.

"Akulu, ikani thumbalo pansi. Maso a mayiwa ali bwino kuposa athu tonse. Anaona kuti miyezo ndi yolakwika, anabwera kudzandiuza, ine ndinawaletsa kukufunsani. Anadula zimene ndinawalamula."

"Nanga miyezoyo inalakwika bwanji? Mkazi wanga anayeza yekha."

Adimini anayang'ana kumakina. Achemwali anali kalikiliki kumasula ulusi ndi mano.

"Inasinthidwa ndi munthu amene ndinamupatsa kiyi wosayenera. Komanso oimba anu ambiri anapempha okha."

"Achimwene, mukundigulitsa chifukwa cha mkazi?"

"Ndinagulitsa kale mkazi chifukwa cha inu, Achemwali. Ndikungobweza katundu."

Woimbitsa anakhala pa kampando kaja atakadzutsa. Anafunsa ngati pali chimene chingachitike. Funsolo analiponya kwa Adimini mwachizolowezi, kenako anazindikira, n'kutembenuza mpando wonse.

"Mayi, pali chimene chingachitike?"

Mayi a Mapasa anatenga diresi imodzi m'thumbamo, anaitembenuza, n'kuyang'ana msoko.

"Chilipo. Sizikhala ngati mmene munkafunira. M'mbalimu ndiikamo nsalu ina, pansipa ndilumikiza. Majekete ndi osavuta, chachikulu chimachepetsedwa. Koma ndili ndi mawu awiri. Loyamba, ndiyeza ndekha munthu aliyense. Lachiwiri," anatembenukira kwa amuna awo, "zimene mwanena muno mukazinene pomwe pali anthu onse aja. Munandivula pagulu. Simundiveka m'galaja."

"Amayi, kwaya yonse?"

"Ndi besi yemwe."

Anakanenadi, madzulo a tsiku lophunzira nyimbo, ataima kutsogolo pomwe pamaima Woimbitsa. Anayamba ndi mawu ambiri okhudza dongosolo ndi zamakono, mpaka mkulu wa besi anatsokomola, ndipo iwo anafupikitsa: akazi awo sanalakwe, wolakwa ndi iwo, ndipo ananama chifukwa cha manyazi. Kenako Mayi a Mapasa anatulutsa tepi n'kunena kuti aliyense aime mowongoka ndipo apume ngati munthu, chifukwa amene akokere mimba m'kati nambala yake aitchula mokweza. Mimba zonse zinatsika nthawi imodzi ngati kwaya yatsitsa nyimbo.

Masiku otsalawo makina sanapume. Adimini anavula tayi, anapatsidwa kachitsulo kophwasulira misoko, ndipo anaphwasula mpaka zala zinatupa. Anaphunzira kusita kolala osaiwotcha, atawotcha imodzi. Kwaya inapita kumpikisano ndi madiresi abuluu a mizere yoyera m'mbali, ina yopyapyala, ina yotakata ngati msewu. Ena anati ndi sitayilo. Woimbitsa sanatero. Analandira zovalazo, anathokoza mwaulemu, ndipo sanabwerenso ndi oda ina. Chetechete naye, ntchito ija itangotha, anapinda epuloni yake, anaiika pa makina, n'kunena mawu ake ataliatali oyamba chibwerereni: wapeza malo kushopu ina kumene bwana ndi mmodzi. Kansingano, amene ankaopseza tsiku lililonse kuti achoka, anatsala.

Achemwali anakana kubweza kiyi. Anati abweza achimwene awo akadzapepesa atagwada.

"Ndipite?" anafunsa Adimini. "Zithunzi zonse zili mmenemo."

"Khoswe akakhala pamkhate sapheka," anatero Mayi a Mapasa. "Asiyeni ndi mkhate wawo. Masitayilo ali m'mutu mwangamu. Kodi simungatsegule ina?"

"Mukuifunabe? Ndimayesa mudana nayo."

"Sindinadane ndi pulogalamu. Ija yogwira makasitomala okana mawu awo ndinaikonda. Bweretsani laputopuyo kuno, muike patebulo lodulira."

Anakhala limodzi masana onse, mayi akunena, bambo akudina. Zipinda za m'kati mwa zipinda anazikana. Anati oda iliyonse ikhale ndi chipinda chake, zonse pamzere umodzi ngati zovala pachingwe. Kasitomala azilowa m'chipinda cha oda yake yokha, azilemba zimene akufuna, koma miyezo asaigwire ngakhale atalira. Kansingano akhale wokonza paliponse, chifukwa amene akusoka ayenera kutha kufunsa. Wachibale aliyense wofuna kiyi ayambe waonetsa kuti amatha kusoka batani.

"Nanga mwini?" anafunsa Adimini, chala chili m'malere.

"Mukufunsa?"

Analemba dzina la akazi awo. Anawapatsa laputopu kuti aike okha mawu achinsinsi, ndipo anayang'ana kukhoma mpaka atamaliza.

Achemwali anatsala ndi Likulu lawo. Mpaka pano akuti amalembamo malamulo m'mawa uliwonse, n'kumadabwa kuti palibe akuyankha.

Patapita masiku, m'mawa wina Mayi a Mapasa anapeza amuna awo ataima pa kalirole wong'aluka uja, atanyamula madiresi osita oti akapereke kwa eni ake. Anali atavala malaya opanda tayi, ndipo ankaoneka ngati munthu amene waiwala chinachake koma sakudziwa kuti n'chiyani.

"Mwaima bwanji? Anthu akudikira."

"Ndimaganiza," anatero osatembenuka. "Dzulo ndinakumana ndi anzanga a ku ofesi aja. Anandifunsa kuti masiku ano ndikuchita chiyani. Kale ndinkati ndikuyendetsa kampani. Dzulo ndinangoti ndilipo." Anasuntha madiresi kuwaika pa mkono wina. "Anthu akamafunsa, ndizinena kuti ndine ndani pano?"

Kansingano anatsegula pakamwa, koma Mayi a Mapasa anamuyang'ana kamodzi, ndipo anatseka. Anayandikira amuna awo, anawakonzera kolala yomwe inapindikira m'kati, n'kuchotsa kaulusi koyera paphewa.

"Muziti mumagwira ntchito ndi akazi anu. Akaseka, muwapatse nambala ya shopu, mathalauza awo aja ndawaona." Anawasisita paphewa. "Ntchito ya ku ofesi ndi imene inatha, Bambo a Mapasa. Ine sindinakuchotseni."

Adimini anadziyang'ananso pa kalirole. Kenako anakweza madiresi m'mwamba kuti mipendero isakhudze fumbi, n'kutuluka pageti.